Difu ya Altezza yanga yayamba kulira kumbuyoku, tithandizane abale

Jere wa RS200: Madala ndi achimwene a pagulu pano mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto la Altezza yanga ija yoyera, RS200 ya manyuwo magiya 6, ena mumaiona pa Dedza boma pano. Kumbuyo kwayamba kulira ndipo sizikundigonetsa tulo. Ndikafika cha m'ma 60 mpaka 80 nde ndachotsa phazi pa moto kumamveka huuuu ngati mphepo ikuwomba pakamwa pa botolo, ndikapondanso moto phokoso limachepa koma silitheratu. Dzulo pochokera ku Lilongwe potsikira pa mlatho wa Linthipe ndinachita kuzimitsa wailesi kuti ndimvetsere bwino, likuchokera pakati penipeni kumbuyo. Zayamba patangotha masabata awiri nditasinthitsa oilo sili ya pomwe propeshafiti, chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi, imalowera mu difu, bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akumbuyo lija, chifukwa pamadontha. Loweruka likubwerali ndimafuna nditsikire ku Golomoti ndi banja nde ndili ndi mantha.

Phiri Mark X Lizulu: Aise musadandaule, yangayi inkateronso. Ndinangokhetsa oilo uja nkuthira wolimba wa 85W-140 phokoso linazilala tsiku lomwelo. Magalimoto awa ndi akale, Altezza anasiya kupanga 2005, nde zamkati zinatha kale zimangofuna oilo wokhuthala basi

Madala Ngozo Biriwiri: AJere, musanathire kalikonse tandiyankheni kaye mafunso awa. Phokosolo likumasintha mukasintha giya kapena likungotsata sipidi ya galimoto? Mukaponda klatchi galimoto ili pa 70 likumatha? Nanga mukakhotera kumanja ndi kumanzere likumakula mbali imodzi? Komanso amene anasintha siliyo natiyo anaimanga bwanji, munalipo?

Jere wa RS200: Zikomo madala. Giya sikusintha kanthu, kaya ndili mu 4 kaya mu 5 kaya 6 bola sipidi ikhale yomweyo kaliridwe ndi kamodzimodzi. Ndikaponda klatchi limachepa pang'ono koma lilipobe. Pokhota sindikumva kusiyana. Za nati ndinalipo, anamanga ndi gani ya mpweya ija, kenako atazunguza ndi dzanja anati yalimba kwambiri nde anabwezako pang'ono

Madala Ngozo Biriwiri: Basi pamenepo mwanena zonse mwana wanga. Nati imeneyo si nati wamba ngati ya tayala. Kuseri kwake kuli ka giya kakang'ono, piniyoni, kamene kamakhala pa maberingi awiri, ndipo pakati pa maberingiwo pali kachitsulo konga kapaipi kamene kanapangidwa kuti kazifinyika pang'ono mukamamanga natiyo. Kufinyika kumeneko ndi kumene kumapangitsa maberingi agwire bwino, osalimba osakhwepa. Vuto lake kachitsuloko kakafinyika sikabwereranso. Nde makaniko wanu pomanga ndi gani anakafinya mopitirira, pobweza nati anasiya mpata. Pano piniyoni ikusewera. Mukaponda moto mano amakankhirana mbali imodzi, mukachotsa phazi matayala ndi amene amayamba kukankha injini, piniyoni imakokeka kulowera mkati nkumakumana ndi giya yaikulu ya mu difu, imene imazunguza matayala, malo olakwika, ndiko kulira mukumvako. Ine ndagwira malole zaka zambiri, difu yolira pochotsa phazi kawirikawiri nkhani imakhala ya maberingi a piniyoni. Yolira poponda moto ndi imene imandiopsa kwambiri chifukwa nthawi zambiri amakhala mano enieniwo adyeka.

Ku Golomoti musapite nayo. Msewu wa Khwekhwelere mukuudziwa, mtsetse wonse uja mumatsika ndi giya phazi lili pambali, ndi nthawi yomwe difu yanuyo ikuvutika kwambiri. Beringi ikagwira moto nkumata, matayala onse awiri akumbuyo amaima nthawi imodzi, pa makona aja ndi ana m'galimoto ayi ndithu.

Phiri Mark X Lizulu: Koma madala oilo wokhuthala uja amathandiza, ine ndayenda nayo miyezi isanu

Madala Ngozo Biriwiri: APhiri, amatseka pakamwa koma matenda ali mkati. Enanso pogulitsa galimoto amathiramo utuchi kuti wogula asamve kanthu, phokoso limathadi kwa masiku. 85W-140 ali ndi ntchito yake, pa lole kapena pa pikapu yonyamula matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano, difu yotentha tsiku lonse. Koma ka galimoto kothamanga, kuno kwathu kozizira chonchi, m'mawa wa June pa Dedza oilo ameneyo amakhala ngati uchi wa m'botolo, amachedwa kukwera kukafika pa beringi ya kutsogolo ya piniyoni. Mu difu mulibe pampu, oilo amachita kumwazidwa ndi giya yaikulu ikamazungulira.

NaBanda wa Masipeya Ntcheu: Ndilowerepo pa nkhani ya oilo poti ndi imene ndimagulitsa tsiku ndi tsiku. Achimwene aJere, atasintha sili anawonjezera oilo wanji? Botolo munaliona?

Jere wa RS200: Achemwali botolo panalibe, anatunga m'chigubu cha malita 20 chopanda dzina, anati ndi wa magiya yemweyo amathira m'magiyabokosi onse

NaBanda wa Masipeya Ntcheu: Apo nde pali vuto lachiwiri. Anthu ambiri akangomva kuti oilo wa magiya amayesa ndi mmodzi. Pa botolo muziyang'ana zilembo, pali GL-4 ndi GL-5. GL-4 ndi wa giyabokosi ya manyuwo chifukwa muja muli timphete ta mkuwa tothandiza giya kulowa bwino. Difu ya galimoto yokoka kumbuyo imafuna GL-5. Chifukwa chake piniyoni simalowa pakati penipeni pa giya yaikulu, imalowera cha m'munsi, nde mano akamakumana samangogubuduzana koma amakhulana ngati mukunola mpeni, oilo wamba amafinyidwa nkuthawa chitsulo nkumadya chitsulo chinzake. Mu GL-5 muli mankhwala ambiri a sulfure ndi phosphorous amene amamatirira pa manowo kukatentha, ndi chifukwa chake amanunkha ngati dzira lovunda, fungo limenelo si kuwonongeka ayi ndi mmene alili. Kwa Altezza 75W-90 kapena 80W-90 wa GL-5 ali bwino, ndipo imadya lita imodzi ndi pang'ono chabe, mabotolo awiri mumatsalanso ndi wina. Chimene chimandiwawa ine nchakuti munthu amagula galimoto ya mamiliyoni, oilo wa injini amasintha mwezi ndi mwezi, koma wa difu akadali yemwe uja inabwera naye kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe. Akabwera kwa ine amabwera kudzafuna difu yathunthu.

Ndipo chonde muzigula botolo lomata bwino chivindikiro chosatsegulidwa. Wa m'zigubu uja ena amasakaniza ndi oilo wa injini wotha ntchito, ndinazionapo ndi maso anga.

Aphunzitsi a Subaru Bembeke: Funso langa kwa odziwa, RS200 si ija ili ndi LSD, difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha ija? Chifukwa ine ndinamva kuti difu ya LSD imafuna oilo wakewake, mwina phokosolo ndi limenelo

Kamakaniko Chimbiya: Aphunzitsi ma LSD alipo mitundu ingapo nde tisawaphatikize. Pali ya timbale ta klatchi mkati, imene anyamata a drift amakonda kuikamo, imeneyo ndi imene imafuna oilo wolembedwa LS wokhala ndi mankhwala oterereretsa timbaleto, ukathira wamba imachita gu gu gu kunjenjemera ukamakhota pang'onopang'ono ngati potuluka pa filling station. Pali ina ya viscous, ili ndi mafuta ake a silicone otsekeredwa mkati osakhudzana ndi oilo wa difu. Nde pali Torsen, imene ili m'ma Altezza RS200 ena komanso mu Toyota 86 ndi Subaru BRZ zija zinayamba kutuluka 2012, iyo mulibe timbale ndi magiya okhaokha opiringizana, GL-5 wabwino amakwana. Phokoso la LSD limabwera pokhota, la aJere likubwera pa msewu wowongoka pa 70, nde ndikugwirizana ndi madala

Aphunzitsi a Subaru Bembeke: Ndamva. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti yake ndi iti osamasula?

Kamakaniko Chimbiya: Kwezani kumbuyo konse pa jeke matayala onse awiri ali m'mwamba, handibuleki yotsitsa, zunguzani limodzi ndi dzanja. Linalo likamazungulira mbali yomweyo ndi ya timbale kapena viscous. Likamabwerera m'mbuyo ndi difu wamba, koma Torsen imapusitsa chifukwa ikakhala yopanda katundu imatha kuchita ngati wamba. Chotsimikizika nkutsegula chivindikiro chakumbuyo nkuona. Koma pa Subaru yanu yokoka matayala onse anayi musachite zimenezi awiri ali pansi, ndipo muziika mastandi osadalira jeke yokha

Jere wa RS200: Abale ndathokoza, ulendo wa ku Golomoti ndaimitsa kaye tipita pa minibasi. Koma chikundizunguza mutu nchakuti siliyo inayamba kudontha chifukwa chani, galimoto sinagundepo pansi

Madala Ngozo Biriwiri: Funso labwino limenelo, ndipo makaniko woyamba anayenera kudzifunsa asanagwire sipanala. Pamwamba pa difu pali kabowo kopumira, kali ndi kachipewa kakang'ono kogwedezeka. Difu ikatentha mpweya wa mkati umafufuma nkutulukira pamenepo. Misewu yathu ya fumbi ndi matopeyi kabowoko kamatsekeka, mpweya ukasowa potulukira umakankha oilo kudzera pa masili. Munthu amasintha sili katatu konse osadziwa kuti wolakwa ali pamwamba. Ndiye mundiuze, dzinja lapitali simunaolokepo nayo madzi?

Jere wa RS200: Eee ndinaoloka, February uja popita ku maliro cha ku Kasina, kamtsinje kanadzadza madzi anafika cha pakati pa matayala, ndinali nditathamanga kuchokera pa boma

Madala Ngozo Biriwiri: Chitsulo chotentha chikalowa m'madzi ozizira mpweya wa mkati umanyala nthawi yomweyo, difu imayamwa ngati mwana, kaya kudzera pa kabowo kaja kaya pa sili yotopa. Nde konzekani kukapeza madzi muja. Mukakhetse oilo mu beseni loyera muone mtundu wake. Ndipo muyambe kumasula pulagi yothirira ya m'mwamba musanamasule yokhetsera ya pansi. Ambiri amayamba ndi ya pansi, oilo watha, kenako ya m'mwamba yakana kumasuka kapena yabulungika mutu, galimoto yagona pa garaja.

Phiri Mark X Lizulu: Zoti difu imapuma ndazimva lero, yanga imanyowa oilo mbali zonse ziwiri pomwe ma shafiti amatulukira

NaBanda wa Masipeya Ntcheu: Achimwene aPhiri kayang'aneni kabowoko musanandiimbire za masili

Maseko wa BMW Mlangeni: Ndawerenga zonse, ine ndingowonjezera kuti si phokoso lililonse la kumbuyo lili la difu. E46 yanga inkachita duu ndikamasintha giya kapena ponyamuka, anthu anandiuza kuti difu yatha, ndinatsala pang'ono kuitanitsa ina, kupeza ndi mabushi ogwira difu ku thupi la galimoto anang'ambika. Ina inkalirima wuwuwuwu kuyambira pa 40, ndikakhotera kumanzere limakula, inali beringi ya tayala la kumanja. Kunjenjemera pansi pa mpando ponyamuka nthawi zambiri ndi beringi ya pakati pa propeshafiti. Ngakhale matayala odyeka mwa mabwatamabwata amalira ngati difu, muyambe mwasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo muone

Kamakaniko Chimbiya: Pa matayala pomwepo, anthu ambiri kuno kumbuyo amaika osiyana saizi, kwina 215/45 kwina 225/50 chifukwa ndi amene apezeka pa kaunjika. Tayala laling'ono limazungulira kwambiri kuposa linzake nde difu imayesa muli pa kona ulendo wonse kuchokera pa Dedza mpaka Balaka, timagiya ting'onoting'ono ta mkati mwa difu sitipuma, oilo amatentha. Chimodzimodzi kutitimira m'matope nkumaponda moto tayala limodzi likuzungulira lokha, kamtengo kogwira timagiya tija kamapsa

Jere wa RS200: Matayala anga ndi ofanana onse anayi 215/45 R17, mabushi tinaona ali bwino. Mawa m'mawa tikhetsa

Jere wa RS200: Madala munalosera. Takhetsa lero, oilo watuluka wotuwa ngati tiyi wa mkaka, ndipo sanakwane ngakhale lita imodzi. Pa maginito a pulagi panali phala lakuda lambiri komanso tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa, koma zibenthu zikuluzikulu palibe. Kabowo kopumira kanaumiratu ndi dothi tachita kukanyika mu petulo. Titamasula propeshafiti, mbale ya piniyoni ija ikugwedezeka ndi dzanja kupita mkati ndi kunja

Madala Ngozo Biriwiri: Phala losalala pa maginito limakhalapo pa difu iliyonse, silimandiopsa. Tonyezimira ngati mambato ndi khungu la beringi likusupuka. Poti zibenthu palibe pali chiyembekezo choti mano apulumuka. Tsitsani difu yonse ipite pa tebulo, musalole wina akuuzeni kuti angomanga natiyo pang'ono zitha.

Phiri Mark X Lizulu: Bwanji osangogula ya kaunjika ku Biwi ku Lilongwe, kusiyana nkumavutika ndi zoyezayeza

Aphunzitsi a Subaru Bembeke: Ya kaunjika ndi bwino koma samalani ratio, kuchuluka kwa mano a giya yaikulu poyerekeza ndi a piniyoni. Ine zinandionekera, ndinagula difu ya kumbuyo yooneka chimodzimodzi mabawuti onse analowa, koma mano ake anali osiyana ndi ya kutsogolo, galimoto inkamangika ngati wina akuikoka, nditayenda pang'ono pakati panayamba kununkha kupsa. Pa Subaru ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kuyendera limodzi. Pa Altezza sizingamangike poti imakoka kumbuyo kokha koma kathamangidwe kasintha, ndipo mutha kutaya Torsen yanu nkupatsidwa difu wamba ya Altezza ina ija ya AS200. Muwerenge mano, a giya yaikulu kugawa ndi a piniyoni, 41 ndi 10 ndi 4.1, 43 ndi 10 ndi 4.3

Madala Ngozo Biriwiri: Komanso ya kaunjikayo simudziwa inaoloka mitsinje ingati. Ngati mano a yanu ali bwino ine ndingakonze yomweyo. Zofunika ndi maberingi awiri a piniyoni, awiri a m'mbali muwaone ngati ali ndi timaenje, kachitsulo kofinyika katsopano, nati yatsopano, masili onse atatu. Wokonzayo akhale ndi zida zitatu. Toko renchi yaing'ono yoyezera kulimba kwa piniyoni pozungulira, chifukwa mphamvu yake ndi yochepa zedi sipitirira 2 Nm, simungaimve ndi dzanja. Kawotchi koyezera mpata wa pakati pa mano, ma difu ambiri a Toyota amafuna 0.13 mpaka 0.18 mm. Ndi utoto wa buluu uja wopaka pa mano nkuzunguza kuti muone pomwe akukhudzana, chidindo chikhale pakati pa dzino osati kunsonga kapena kutsinde. Mashimu akale, timawashala topyapyala tosinthira mpata, musataye ndipo musasokoneze la kumanja ndi la kumanzere. Akakuuzani kuti ife timangomva ndi dzanja, nyamulani difu yanu mupite kwina.

Kamakaniko Chimbiya: Ndipo kwa anzanga amakaniko, tikamasintha sili ya piniyoni yokha tiziika chizindikiro pa nati ndi pa shafiti ndi penti kapena ponchi, tiwerenge mazinga, pobwezera tifike pomwepo. Gani ya mpweya pomanga ayi. Ine madala wina anandiphunzitsa zimenezi ndili wophunzira ndipo sindinabwezeredwepo difu

Jere wa RS200: Madala Ngozo kodi inuyo simungandigwirire? Nditha kubwera nayo pa Biriwiri

Madala Ngozo Biriwiri: Maso anafooka mwana wanga koma zida ndikadali nazo. Bwerani nayo Lachiwiri, mutengane ndi mnyamata wa pa Chimbiyayo azigwira ine ndiziyang'anira, aphunzireponso kuwerenga buluu.

NaBanda wa Masipeya Ntcheu: Maberingi mubwere ndi akalewo tione manambala ake, Koyo kapena NSK ndi amene ndingakulimbikitseni, otchipa opanda dzina aja mudzatsitsanso difu Khirisimasi isanafike

Jere wa RS200: Abale ndabweranso kudzapereka lipoti. Difu tinaitsegula Lachiwiri, ndi Torsen ndithu. Beringi ya kutsogolo ya piniyoni inali ndi timaenje ndi dzimbiri mzere wonse pomwe madzi anakhala, ya mkati inasanduka yabuluu ndi kutentha. Mano a giya yaikulu ali ndi kokhulika pang'ono mbali imene imagwira ukachotsa phazi koma madala anati apirira. Tinatha tsiku lonse, kumanga kupaka buluu kumasula kusintha shimu kumanganso, kanayi konse mpaka chidindo chinakhala pakati. Tathira 75W-90 GL-5 galimoto ili pamalo osalala mpaka anayamba kusefukira pa bowo lothirira. Ndayenda kuchokera pa Biriwiri kudutsa Lizulu mpaka pa boma, huuuu uja watha, kwangotsala kamluzu kakang'ono cha pa 80 kamene umakamva ukatseka mawindo ndi wailesi yomwe. Nditafika ndinagwira difu ndi dzanja, yofunda koma yogwirika, kale ija simukanaigwira

Madala Ngozo Biriwiri: Kamluzuko ndi chipsera cha masabata aja munayenda piniyoni ikusewera, sikadzatha koma sikakula ngati oilo ali bwino. Masiku oyambawa musaithamangitse kapena kuinyamutsa mwaukali, mukayenda makilomita ngati 1,000 mukhetsenso oilo tione maginito. Ndipo mukadzaolokanso madzi ofika pa difu, sabata yomweyo mutsegule pulagi muone mtundu.

Phiri Mark X Lizulu: Madala yanga ija yayambanso kulira ngakhale muli 140, tsopano ikumveka ndi poponda moto pomwe. Pulagi yake imamasulidwa ndi chani, ndikufuna ndione maginito Loweruka

Kamakaniko Chimbiya: Alenki ya 10 aPhiri, muyambe mwakolokosa dothi m'kabowo kake kuti ilowe mpaka pansi isabulunge. Mukakhetsa mujambule maginitowo muponye pano madala aone musanathire wina